Ndinasankha hotela yothawilamo mkamwini wanga

Inu owelenga, makamaka inu amai anzanga amene muli ndi akamwini, ndikupemphani mundimvele. Ine ndinatsala pang'ono kupasula banja la mwana wanga, osati ndi miseche kapena mankhwala yayi, koma ndi ulemu. Ana anga anandiikila mahotela awili m'manja kuti ndisankhe imodzi, ndipo ndinasankha molakwika. Mulungu ndi wachifundo, banjalo lilipo mpaka lelo, koma chimene ndinataya pa kusankha kumeneko sichinabwelele.

Ndine mai wamasiye, ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Minga. Sukulu ndinalekela ku pulaimale. Ndimalima nshawa, ena amati mtedza, ndi chimanga, ndiponso ndimaweta nkhuku ndi timbuzi pang'ono. Mwana wanga wamkazi, tingomutcha Zelipa, ndi nesi, ndipo ndinamuphunzitsa ndi nshawa zomwezi. Anakwatiwa ndi Mbemba wa ku Kopala, dela la migodi, amene anabwela ku Petauke kudzagwila ntchito ya udokotala wa ziweto. Ameneyu timutche a Mulenga. Amai awo anamwalila iwo akali aang'ono, anakulila m'manja mwa achibale a m'tauni, uku pang'ono, uko pang'ono.

Mkamwini ngati uyu sindidziwa ngati ena ali naye. Denga la nyumba yanga litayamba kudontha, anabwela ndi malata osandifunsa. Chitopa chikamveka kumidzi ya pafupi, ankafika Loweluka m'mawa ndi kabokosi ka katemela, n'kugwila nkhuku zanga imodziimodzi. Ndipo ndi munthu wanthabwala. Mudziwa chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala cha Abemba ndi ife a Kum'mawa. Akangotsika galimoto, mudzi wonse unkayamba kumufunsa ngati wabweletsa nyama ya nyani, iye n'kumayankha kuti wabwela kudzatemela mbewa zathu kuti tisathe ndi njala. Anthu ankaseka mpaka kugwila m'mimba. Inenso ndinkaseka, koma ndili kuseli kwa nkhokwe.

Ndinali kuseli chifukwa kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sadyela pamodzi, sakhala pamphasa imodzi. Mukakumana panjila, wina amapatuka n'kugwada chakumbali mpaka mnzake adutse. Mau amadzela mwa munthu wina. Si chidani, ndi ulemu waukulu umene tinaupeza. Ndipo ulemuwu uli ndi pothela pake. Banja likabala mwana, mpongozi amapha nkhuku, amaitana mkamwini kulowa m'nyumba, amamuthila madzi m'manja n'kudya naye. Kuyambila tsikulo amakhala ngati mai ndi mwana.

Koma kwa Zelipa ndi a Mulenga mwana sanabwele. Zaka zinapita, anzawo amene anakwatilana pambuyo pawo anayamba kupeleka ana kusukulu, iwo ali chete. Ndikunena pamaso pa Mulungu, sindinawaimbepo mlandu ngakhale mumtima. Ndinkangowapemphelela. Ndipo panali chinthu china chimene ndinkachita osauza munthu. Chiyambile ukwati wawo, pakhomo panga sipanasowepo tambala wosungidwa. Ndinkasankha wabwino pa onse, n'kunena mumtima kuti uyu ndi wa a Mulenga, wa tsiku lija. Akafa, ndinkasankha wina. Alendo ankabwela, malilo ankagwa, ndinkapha nkhuku zina, koma tambala ameneyo ayi.

Tsiku lina chaka chatha, titatha kukolola, anabwela onse awili masana. Ine ndinali pakhonde kusenda nshawa. A Mulenga anakhala patali pansi pa mtengo wa mango monga mwa nthawi zonse, Zelipa anadzakhala pafupi nane n'kutulutsa foni. Anati akhala akusunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti akapume ku chilumba cha Zanziba, pakati pa nyanja yamchele, ndipo afuna ndipite nawo. Ine ndinaseka, ndinati madzi aakulu amene ndinawaonapo ndi a Luangwa, pa ulalo, ndili m'basi, ndipo apo pomwe ndinatseka maso. Iye anati pasipoti adzandithandiza kutenga, ine ntchito yanga ndi imodzi chabe, kusankha kumene tikagone.

Anandionetsa hotela yoyamba. Inali yaing'ono, kumbali yachete ya chilumba, tinyumba tofolela ndi masamba titatalikilana pakati pa mitengo ya kokonati. Kanyumba kamodzi kanali ndi zipinda ziwili zogona, khonde limodzi loyang'ana kunyanja, kadziwe kosambilamo pakhomo penipeni, ndi tebulo limodzi. Anati chakudya amachita kukubweletselani pakhonde pomwepo, mudye ngati banja. Mchenga wake unali woyela ngati ufa wa chigayo.

Yachiwili inali yaikulu ngati boma lonse la Nyimba. Nyumba zosanja uku ndi uku, maiwe osambilamo ambili, malo odyela ambili oti lelo udya kuno mawa uko, oimba madzulo alionse, ndi tigalimoto ting'onoting'ono tonyamula anthu chifukwa kuyenda ndi miyendo ungatope. Zonse ziwili zinali zokongola zoti munthu ngati ine amaziona pa kalenda.

Zelipa anati, "Amama, a Mulenga akonda yaing'onoyi. Koma ati musankhe ndinu, ndinu mlendo wathu." Ananena mau amenewa pang'onopang'ono, akundiyang'ana. Ine sindinamve kulemela kwake. Maso anga anali pa tebulo limodzi lija.

Anandisiyila zithunzi mufoni yanga kuti ndiganize. Mawa lake ndinapita nazo kwa mnzanga a Malita, amene timayandikana nyumba. Iwo ndi alangizi a atsikana m'mudzi mwathu, ndipo tili limodzi m'gulu la amai a kutchalitchi. Ataona kanyumba kaja anaomba m'manja, anati, "Mwati tebulo limodzi? Inu uku, mkamwini uku, mukutafuna akuona? Ndipo pakati pa zipinda pali khoma limodzi chabe, mukatsokomola amva, akatsokomola mumva. Nanga kadziwe aka? Atuluke m'mawa ndi kakabudula, inu muli pakhonde ndi korona m'manja? Mudzathawila kuti, m'nyanja?" Tinaseka mpaka misozi. Koma kuseka kutatha, mantha anatsala.

Ndinapemphela, inde. Koma ndivomele, ndinapemphela nditasankha kale. Sindinafunse Mulungu kuti andionetse njila, ndinangomuuza njila imene ndatenga kuti aidalitse. Ndipo sindinafunse mwana wanga funso laling'ono chabe, lakuti kodi amuna ako aikondela chiyani yaing'onoyi? Ndinaimba foni n'kunena kuti ndasankha yaikulu, chifukwa ndimakonda nyimbo ndi kuona anthu. Zelipa anangoti chabwino amama. Ine ndinagona mtima uli m'malo, poganiza kuti ndasunga ulemu wa mkamwini wanga.

Za ulendo sindinena zambili, ndingakuchedwetseni. M'ndeke ndinapempha mpando wakumbuyo, ndinagwila korona kuchokela ponyamuka mpaka potela. Titafika pa hotela anatimanga tizibangili pamkono, ati ukakhala nako ungadye paliponse, nthawi iliyonse, osafunsidwa. Chipinda changa chinali m'nyumba ina, chawo m'nyumba ina kutali, monga ndinafunila. Nditatsegula zenela n'kuona madzi opanda tsidya, ndinagwada pomwepo. Ndinati Ambuye, ine mwana wa mlimi wa nshawa ndaona izi? Ndinathokoza, ndinatchula dzina la Zelipa, ndinatchulanso la a Mulenga kawili.

Koma onani mmene ndinathokozela ndi zochita. Hotela ija inandipatsa zonse zimene ndinaisankhila. M'mawa ndinkaima pazenela kudikila kuti ndione kumene a Mulenga alowela kukadya, ine n'kupita kwina. Akapita kunyanja, ine kudziwe, nditakhala pampando ndi chitenge changa, kuonela ana a azungu akusewela. Akabwela kudziwe, ine kunyanja. Zelipa ankathamanga pakati pathu ngati mwana wotumidwa moto, kudya pang'ono ndi amuna ake, kudya pang'ono ndi ine. Ndinkaona kuti akuonda pakati pa chakudya chochuluka chonchija, koma ndinkati ndi kutentha.

Tsiku lina anandiuza kuti a Mulenga akonzetsa tebulo la anthu atatu pamchenga, pansi pa mthunzi, kuti tidye nsomba zootcha masana. Ndinamuuza kuti miyendo yatupa ndi ulendo, akadye okha, akandipelekele zikomo. Miyendo inali bwinobwino. Ndinadya buledi m'chipinda, ndikudzitama mumtima kuti ngakhale kunja kwa dziko sindinataye mwambo.

Chimene chimandipweteka kwambili ndi chimene chinachitika mawa lake. Ndinali kuyenda ndekha m'kanjila kopapatiza, maluwa mbali zonse ziwili. Ndikukhota chonchi, ndinangoona a Mulenga akubwela kutsogolo kwanga, atavala kabudula, m'manja muli makokonati awili odula pamwamba. Anali akumwetulila. Ine thupi linachita lokha zimene linazolowela. Ndinapatuka, ndinalowa m'maluwa, ndinagwada nditawafulatila. Minga ya maluwa inandikola chitenge, azungu awili amene ankadutsa anaima kufuna kundidzutsa poganiza kuti ndagwa. Ndinamva mapazi a a Mulenga ataima kumbuyo kwanga. Anaima nthawi ndithu. Kenaka ndinamva akuika chinthu pansi, mapazi n'kubwelela kumene anachokela.

Nditatuluka ndinapeza kokonati imodzi itaimikidwa bwinobwino pakati pa njila, ndi kaudzu komwela. Ndinaitola ndi manja awili, ndinamwa madzi ake ozizila, ndinati taonani mkamwini waulemu, wandisiyila n'kuchoka monga kwathu. Inu owelenga, ine ndinamwa madzi aja ndi chimwemwe, osadziwa kuti mwana wa eni wapita kukalila.

M'mawa wotsatila Zelipa anagogoda pachitseko changa. Maso anali otupa. Sanandipatse moni, anangokhala pabedi n'kunena kuti, "Amama, mwapambana. Akupita."

Ndinafunsa kuti ndani akupita, kuti? Ndipo mwana wanga anandimasulila zonse zimene anandibisila. Anati anapita kwa madokotala ku Lusaka, anawapima onse awili, ndipo anapeza kuti vuto lili kwa a Mulenga, loti silingachilitsike. Kuchokela tsikulo mwamunayo anayamba kumuuza kuti amumasule, akapeze wina woti amupatse ana akali ndi nthawi. Zelipa anakana. Ndiye anagwilizana kuti atenge kamtsikana ka malemu mlongo wawo wa a Mulenga, kamene kankakhala ndi achibale ku Kopala, akalele ngati kawo. Koma a Mulenga anati sangachite zimenezi ine ndisanavomele ndi pakamwa panga, chifukwa mwanayo afunika agogo ake. Ndipo kumudzi nkhani yotele sikanakambika, makutu ndi ambili, ine ndili kuseli kwa nkhokwe.

"Ulendo wonsewu unali wa nkhani imeneyi," anatelo Zelipa. "Kanyumba kaja anakasankhila tebulo lija. Anati pamenepo amai sadzakhala ndi kothawila, adzandiyang'ana kamodzi chabe, ndiwauze. Mutasankha yaikulu anati amai ayankha kale. Ndinawakakamiza ndine kuti tibwele. Dzulo munawagwadila m'maluwa."

Ndinati mwana wanga, uja ndi ulemu. Iye anati, "Adziwa kuti ndi ulemu, amama. Adziwanso tsiku limene ulemuwo umatha. Umatha mwana akabadwa. Ndiye nthawi iliyonse mukapatuka, iwo amamva kuti mukuwafunsa kuti mwana ali kuti. Tsopano adziwa kuti mwana sadzabadwa. Mudzawapatukila mpaka kumanda?"

Kenaka anandiuza chomaliza. Kuntchito ankawapempha a Mulenga kwa nthawi yaitali kuti asamukile ku Solwezi, iwo ankakana chifukwa anali atagula kale malo ku Petauke oti amange nyumba, ndi kachipinda kanga kumbuyo ndikadzakalamba. Atachoka m'kanjila kaja anakaimba foni kwa akuluakulu awo kuti avomela. Ndipo anauza Zelipa kuti apita okha, iye atsale ndi amai ake, apeze mwamuna wondipatsa adzukulu.

Ine ndaikapo mwamuna m'manda, koma chisoni cha tsiku limenelo chinali china. Zaka zonsezi ndimayesa ndikuveka munthu ulemu, pamene ndikumukanda pabala. Ndinagwada pambali pa bedi. Pemphelo lake linali lalifupi kuposa onse amene ndinapemphelapo. Ndinati Ambuye, ndalakwa, ndipatseni miyendo. Ndinadzuka, ndinamanga chitenge, ndinatenga china m'chikwama, n'kufunsa Zelipa kuti a Mulenga ali kuti. Anati ali kunyanja kuyambila m'mawa, kumapeto kwenikweni kumene kulibe anthu.

Nkhuku yoti ndiphe ndekha kunalibe, moto woti ndiphikepo kunalibe. Ndinadikila mpaka atatsegula malo odyela masana, ndinalowa, ndinatenga mbale yaikulu. Ndinayenda m'mapoto awo onse aja ndikutsegula imodziimodzi mpaka ndinapeza nkhuku. Ndinasankha ziwalo zabwino, ntchafu ndi chidali, ndinaika mpunga pambali, ndinavundikila ndi mbale ina, n'kumanga zonse m'chitenge monga timachitila popeleka chakudya kumunda. Ndinatenganso kambale kakuya ndi botolo la madzi. Mtsikana wina wogwila ntchito anabwela akulankhula chinenelo chawo, akuloza matebulo, ndikhulupilila ankati chakudya sichituluka. Ine ndinamuonetsa kachibangili, ndinaloza kunyanja, ndinagwila pamtima. Anandiyang'ana kumaso, n'kunditsegulila chitseko yekha.

Ndinasenza mtolo pamutu. Tangoganizani, mai wa ku Minga ndi mtolo pamutu, kudutsa pakati pa anthu ogona padzuwa atadzola mafuta. Ena anandijambula. Sindinasamale. Mchenga unkatentha, mapatapata ankatitimila, ndipo hotela imene ndinaisankha chifukwa cha kukula kwake inandilanga ndi kukula komweko. Ndinkayenda, osafika. Zelipa ankanditsatila patali.

Ndinawapeza atakhala pansi pa kamthunzi kaudzu, akuyang'ana madzi. Atandiona anadzambatuka, anakoka thaulo kubisa maondo, n'kuyamba kuchoka kuti andipatse njila. Pamenepo ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo chikwatile iwo mwana wanga. Ndinawaitana ndekha, ndi pakamwa panga.

"Bambo, khalani pansi."

Anaima ngati amva mau ochokela kumwamba. Ndinabweleza, anakhala. Ndinatula mtolo, ndinagwada, koma ulendo uno nditayang'ana kwa iwo. Ndinaika kambale pansi pa manja awo n'kuyamba kuthila madzi. Madzi ambili anathela pamchenga. Ndinasamba inenso, ndinamasula chitenge, ndinavundukula mbale. Ndinanyema nkhuku, ndinadya nthuli yoyamba iwo akuona, n'kuwakankhila mbale.

Sanadye msanga. Anati, "Amai, Zelipa wakuuzani? Mwana sadzabwela."

Ndinati wandiuza zonse. Ndinati mwana anabwela kale, anabwela pa galimoto ndi malata a denga langa, ine ndi amene ndinachedwa kumuona. Ndipo ndinawauza za atambala. Ndinawauza kuti chiyambile ukwati wawo pakhomo panga pakhala tambala wawo, wina akafa wina alowa, ndipo amene alipo tsopano ndi wofiila uja wa lipombo logwa mbali imodzi.

Anandiyang'ana, koyamba m'maso. Anati, "Wofiila uja? Amene amandijompha nthawi zonse ndikamamutemela? Ine ndimafunsa Zelipa kuti kodi amai akumusungila chiyani nkhalamba iyi, ingodya chimanga." Anayamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka kulila, analila ngati mwana, mutu uli pamaondo. Munthu wamkulu, dokotala. Ine ndinaika dzanja pamutu pawo. Ndinati mwana wa mlongo wanu mukamutenge, ndi mdzukulu wanga, ndipo nkhani yomasulana ndisaimvenso. Zelipa anafika n'kukhala pakati pathu, tonse atatu tikulila pamchenga wa eni.

Titatonthola anapukuta m'maso ndi thaulo lija, anatenga ntchafu, anati, "Amai, nditaona mtolo pamutu ndinachita mantha. Ndinati basi, andibweletsela mbewa." Ine mau anangotuluka okha, ndinati ndinafunafuna nyani m'mapoto onse, ati Abemba amene anabwela sabata yatha anamaliza. Aka kanali koyamba kuseka ndi mkamwini wanga popanda nkhokwe pakati. Mbale ija tinaimaliza atatu.

Masiku amene anatsala anali ochepa kwambili. Tinadyela pamodzi m'mawa, masana ndi madzulo. Anandigwila dzanja kundilowetsa m'nyanja mpaka m'maondo, ndinalawa madzi, ndinati zoona ndi amchele, amene anathila anawonjeza dzanja. Anandiuza za amai awo, zochepa zimene amakumbukila, kuti ankaimba posinja. Ndinkamvetsela ndikuwelenga mumtima masiku amene ndinataya pobisala pazenela, ndi zaka zimene ndinataya kumudzi.

Ndikanakonda ndikanathela pamenepa, koma ndiye sindikanakulembelani. Titabwelela, a Mulenga anapita kwa akuluakulu awo kukapempha kuti abweze mau. Anapeza kuti malo awo a ku Petauke apatsidwa kale kwa wina, ndipo ku Solwezi akuwayembekezela. Mau a munthu wamkulu akatuluka atuluka. Zelipa anapempha kusamuka nayenso, ndipo ndine ndinamuuza kuti apite, mkazi amakhala kumene kuli mwamuna wake.

Asananyamuke ndinachita mwambo wonse moyenela. Ndinapha tambala wofiila uja, nyama yake inali yolimba ngati lamba, ndinaiphika kuyambila m'mawa. Ndinaitana abale, ndinalowetsa a Mulenga m'nyumba imene anaifolela okha koma anali asanaonepo mkati mwake. Ndinawaikila nthutumba, chiwalo cha ulemu, m'mbale. A Malita anang'ung'udza kuti mwambo uwu sachita popanda mwana, tikuyamba zachilendo. Ndinawalozela kamtsikana kamene kanakhala pamiyendo panga, Bupe, amene anali atamutenga kale ku Kopala. Ndinati uyu ndi chiyani, mbuzi? A Malita msuzi anapempha kawili.

Lelo ali ku Solwezi onse atatu, ndipo ali bwino, ndithokoza Mulungu usana ndi usiku. Koma Solwezi ndi kutali, inu. Bupe akukula pafoni. Dzino lake loyamba kuguluka ndinalionela pachithunzi. Malo aja a ku Petauke amela udzu, ndikapita kuboma ndimadutsako, ndimaima pang'ono pamene pakanakhala kachipinda kanga. Nkhuku zanga akutemela ndi munthu wina, wabwino ndithu, koma sadziwa nthabwala. Zithunzi za mahotela awili aja zikali mufoni yanga. Nthawi zina ndimatsegula cha kanyumba kaja n'kuyang'ana tebulo. Linali ndi mipando inayi. Tikanakhalapo tsiku loyamba lomwelo, nkhani ikanatha tiyi asanazizile.

Tsono inu amai anzanga, sindikuti tayani mwambo. Mwambo ndi wabwino, unatilela, ndipo ine ndikali kuulemekeza. Koma mwambo ulibe pakamwa. Sungauze mkamwini wanu kuti mumamukonda, amangoona msana wanu, ndipo msana aliyense amauwelenga monga mwa bala lake. Ngati mwasungila munthu tambala, muuzeni akali pafupi. Musadikile tsiku limene mwina Mulungu sanalilembe.

Ndipo ana anu akadzakuikilani zinthu ziwili m'manja kuti musankhe, kaya ndi mahotela a kunyanja, kaya ndi nyumba yogona pa ukwati wa m'bale, musathamangile kwa anzanu kukaseka. Yambani mwafunsa kuti, inu mwakonda iti, ndipo mwaikondela chiyani? Ana akakula sapempha molunjika, amapempha mozungulila, mwaulemu, monga tinawaphunzitsila tokha. Pempheleni musanasankhe, osati mutasankha. Malo aakulu ndi okoma, koma ali ndi kobisala kwambili.

Inunso ana, musatibisile zinthu mpaka mitima itatupa. Ife amai anu sitiona zonse.

Pakhomo panga pali tambala wina tsopano, wamawangamawanga. Uyu si wachinsinsi. A Mulenga amaimba foni Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, ndipo asanafunse za miyendo yanga, asanandipatse Bupe, amayamba ndi funso limodzi. Amati, "Amai, tambala wanga ali bwanji?" Ine ndimati akunenepa, bambo, akudikila Khisimasi. Bwelani mudzadye.